KODI ZINALEMBEDWA KALE?

Pali mau amene timawamva kawirikawiri m'midzi mwathu. Timawamva pamaliro, kumunda ndi pabwalo la milandu. Mauwo ndi akuti: "Zinalembedwa kale." Mwana akamwalira, ena amati zinalembedwa. Munthu akalowerera ndi kacasu, abale ake amati ndi mmene Mulungu anamlengera. Pakati pa Akristu pali funso lina lozama kuposa pamenepa. Kodi Mulungu anasankhiratu anthu amene adzapulumuka, dziko lisanalengedwe? Kapena munthu ali yense ali ndi ufulu wa kulandira cipulumutso kapena kucikana?

Funso ili silinayambe ndi ife. Akristu akhala akukangana za ilo zaka zoposa 1,600. Pamaphunziro athu timakhala pamodzi Akatolika, a Reformada, Aanglikani, Asilamu, ndi ena amene sapita kukapemphera kuli konse. Sitikulemba izi kuti tikokere munthu ku mpingo wina. Tikufuna kuti munthu akamati "zinalembedwa," adziwe cimene akunena.

Tiyambe ndi mau atatu. Cisomo ndi mphatso ya Mulungu imene munthu sanaigwirire nchito. Kusankhidwiratu ndi ciphunzitso cakuti Mulungu anapanga kale za amene adzapulumuka. Ufulu wa kusankha ndi mphamvu imene munthu ali nayo ya kunena inde kapena iai.

Vuto ndi lakuti onse okangana amatsegula buku limodzi. Amene amaphunzitsa za kusankhidwiratu amatsegula kalata ya Paulo kwa Aefeso ndi kalata yake kwa Aroma. M'menemo Paulo akamba za Yakobo ndi Esau, ana amapasa. Mmodzi anasankhidwa asanabadwe, asanacite cabwino kapena coipa. Akambanso za woumba mbiya, amene amaumba ziwiya zosiyana ndi dothi limodzimodzi. Anzao aja amatsegula kalata yoyamba kwa Timoteo, pamene Paulo yemweyo anena kuti Mulungu afuna cipulumutso ca anthu onse. Amatsegulanso Mateyu, pamene Yesu adandaula za Yerusalemu. Anafuna kufungatira anthu ake monga thadzi licita ndi anapiye, koma iwo anakana. Tsono amafunsa: ngati anakana, sindiye kuti anali ndi mphamvu ya kukana?

Augustine ndi Pelagius

Mkangano waukulu woyamba unacitikira mu Afirika muno. Augustine, amene Apwitikizi amamucha Agostinho, anabadwa m'caka ca 354 m'dziko limene lero ndi Algeria. Anali bishopu wa mzinda wa Hippo, ndipo anamwalira mu 430. Iye analemba mbiri ya moyo wake. M'menemo asimba kuti ali mnyamata wa zaka 16, iye ndi anzake anaba zipatso mumtengo wa mnansi usiku. Sanali ndi njala. Kwao kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo, ndipo zambiri mwa zimene anabazo anaponyera nkhumba. Atakula anadzifunsa kuti anaberanji. Yankho limene anapeza linamuopsa: anaba cifukwa kuba kunamkomera. Pamenepo anaona kuti mtima wa munthu uli wodwala kucokera kwa Adamu, ndi kuti munthu sangadzicize yekha. Mulungu ndiye ayenera kuyamba. Ndipo ngati Mulungu ndiye ayamba, ndiye kuti amene apulumuka, apulumuka cifukwa Mulungu anawasankha.

Pelagius anali wocokera ku Britain, ndipo anakhala ku Roma. Kumeneko anaona Akristu olemera akukhala moyo wotayirira, namati, "Ndife anthu ofooka, nanga tingatani?" Izi zinamnyansa. Iye anati Mulungu sangalamule cinthu cimene munthu sangathe kucita. Tate wabwino satuma mwana wa zaka zitatu kukasenza thumba la cimanga, nkumkwapula pamene walephera. Ngati Mulungu anati tisabe, ndiye kuti tingathe kusaba.

Mabishopu a mu Afirika anasonkhana ku Carthage mu 418 natsutsa Pelagius. Koma nkhani sinathere pomwepo. Mu 529 msonkhano wina, ku Orange m'dziko la France, unavomereza kuti cisomo ndico ciyamba, koma unakana zakuti Mulungu anaikiratu munthu wina kuti akhale woipa.

Fanizo la bwato

Kuti timve bwino kusiyana kwake, tiganize za bwato limene lagubuduka pa Zambezi kapena pa Nyanja. Munthu ali m'madzi, ndipo bwato lina likubwera.

Pelagius akuti munthu uja adziwa kusambira. Wa m'bwato angomlozera kumene kuli mtunda ndi kumlimbitsa mtima. Akafika, wafika ndi manja ake.

Augustine akuti munthu uja wamwa kale madzi, wakomoka, ndipo akumira. Sangaitane, sangagwire kanthu. Wa m'bwato ayenera kudumphira m'madzi ndi kumnyamula. Munthu wotere akatsitsimuka pamcenga, sangadzitame kuti anathandizako.

Pali ena apakati. Iwo akuti ndi zoona munthu uja wakomoka, koma wa m'bwato amamdzutsa, nampatsa mphamvu pang'ono, namtambasulira nkhafi. Tsono munthuyo angathe kugwira nkhafiyo kapena kuikankha. Akagwira, ulemu ndi wa mwini bwato. Akakankha, mlandu ndi wake.

Funso lowawa liri apa. Ngati m'madzi muli anthu khumi, onse okomoka, ndipo mwini bwato ali ndi mphamvu ya kuwanyamula onse, anyamuliranji anai nkusiya asanu ndi mmodzi? A mbali ya Augustine amayankha kuti onse khumi anagubuduza bwato dala, ndipo palibe amene ayenera kupulumutsidwa. Anai aja alandira cifundo, otsalawo alandira cilungamo. A mbali ina amati yankho limeneli silikhutitsa mtima wa mai amene mwana wake ali pakati pa otsalawo.

Calvin, Arminius ndi msonkhano wa ku Dordrecht

Patapita zaka pafupifupi 1,000 moto unayakanso ku Ulaya. Mu 1524 Erasmus analemba buku loteteza ufulu wa kusankha, ndipo mu 1525 Martin Luther anamyankha kuti cifuniro ca munthu ciri mu ukapolo. Koma dzina limene limachuka kwambiri pa nkhaniyi ndi la Jean Calvin, Mfalansa amene anabadwa mu 1509, nagwira nchito ku Geneva kufikira imfa yake mu 1564. Calvin sanazembe. Anaphunzitsa kuti Mulungu anaikiratu ena ku moyo ndi ena ku cionongeko, ndipo iye mwini anavomereza kuti ciphunzitsoci ncoopsa. Anacigwiritsabe, cifukwa anakhulupirira kuti ndi cimene Malembo anena, ndiponso kuti cimatonthoza. Ngati cipulumutso ciri m'manja mwa Mulungu, sicingatayike monga ndalama m'thumba lobooka.

Ku Holland kunali mphunzitsi wa abusa dzina lake Jacobus Arminius. Iye anaphunzira ku Geneva komweko, koma pambuyo pake anayamba kukayika. Anati Mulungu amasankha amene Iye anaoneratu kuti adzakhulupirira. Arminius anamwalira mu 1609, ndipo mu 1610 omtsatira analemba mfundo zisanu. Mwa izo anati Kristu anafera anthu onse, ndi kuti munthu angathe kukana cisomo.

Dziko la Holland linagawanika pakati, ndipo andale analowererapo. Msonkhano waukulu unakhala mumzinda wa Dordrecht kuyambira Novembala 1618 kufikira Meyi 1619. Unatsutsa otsatira Arminius. Abusa pafupifupi 200 anacotsedwa nchito. Mtsogoleri wa dziko amene ankawateteza, Johan van Oldenbarnevelt, nkhalamba ya zaka 71, anadulidwa mutu mwezi womwewo wa Meyi pa milandu ya ndale. Mnzake Hugo Grotius anatsekeredwa m'ndende, koma mu 1621 anathawa atabisala m'bokosi la mabuku, mkazi wake ndiye anakonza cinsinsico. Onani mmene funso la zakumwamba limasandukira lupanga likalowa m'manja mwa ofuna ulamuliro.

Komabe tisanamizire a ku Dordrecht zimene sananene. Iwo analembanso kuti Uthenga Wabwino ulalikidwe kwa mitundu yonse ndi kwa anthu onse, kopanda kusankha. Analemba kuti makolo okhulupirira asakayike za cipulumutso ca ana ao amene amwalira ali makanda. Amai amene munaikapo khanda m'manda, mfundo imeneyo iripo, ndipo inalembedwa ndi anthu omwe aja amene amachedwa ouma mtima.

Akatolika naonso anali ndi mkangano wao. Luis de Molina, wansembe wa Cijezuiti amene anaphunzitsa ku Évora m'dziko la Portugal, anasindikiza buku ku Lisboa mu 1588. Iye anati Mulungu adziwa cimene munthu ali yense angacite mwa kufuna kwake atakhala pamalo akutiakuti, ndipo amakonza zinthu podziwa zimenezo, osamkakamiza munthuyo. Ansembe a Cidominiko anati Molina wapatsa munthu mphamvu yoposa muyeso. Anatsutsana zaka zambiri pamaso pa Papa. Mu 1607 Papa Paulo V anawauza kuti mbali iri yonse iphunzitse maganizo ake, koma asachulane opanduka. Sananene amene wapambana. M'zaka za m'ma 1600 zomwezo, Adominiko ndi Ajezuiti onse anali kuno ku Zambezi, ku Sena ndi ku Tete.

Maganizo a Molina amamveka bwino poyamba. Nkhalamba ikaona mitambo yakuda pa phiri la Dómuè, imati mvula igwa madzulo, ndipo imagwadi. Nkhalambayo sinagwetse mvula, inangodziwa. Kudziwiratu si kucititsa. Koma wina angayankhe kuti nkhalambayo sinalenge mitambo, pamene Mulungu analenga munthu alikudziwa kumene munthuyo adzathera. Pamenepo fanizo lathu latsimphina, ndipo tabwerera pa funso lija la bwato.

Mu England, John Wesley ndi George Whitefield anali abwenzi ndi alaliki anzake. Wesley anatsata Arminius, Whitefield anatsata Calvin, ndipo anasiyana njira. Koma Whitefield atamwalira mu 1770, Wesley ndiye analalikira ulaliki womkumbukira ku London.

Mmene nkhaniyi inafikira kwathu

Mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa unasunga mfundo za ku Dordrecht. Amishoni ake anafika ku Mvera, ku Malawi, mu 1889. Pambuyo pake anaoloka malire natsegula mishoni ku Mphatso, ku Angónia, koma boma la Apwitikizi linawacotsa mu 1922. Akristu amene anatsala anapitiriza okha, ambiri akumayenda pansi kukabatizitsa ana ku Malawi. Igreja Reformada em Moçambique inaphuka pa muzu umenewo. Ajezuiti anamanga mishoni ku Boroma ndi ku Lifidzi. Aanglikani anadzera kunyanja, ku Messumba. Cotero zimene anakangana ku Geneva, ku Dordrecht ndi ku Évora zinafika m'midzi mwathu kudzera m'katekisma, ndipo nthawi zina mwamuna ndi mkazi wake m'nyumba imodzi anaphunzira mayankho osiyana.

Maganizo athu

Pali mwambi wakuti calaka bakha nkhuku singatole. Ngati anthu ophunzira cotere analephera kumvana, ife a m'mudzi tinganenepo ciani? Sitingamalize mlanduwo. Koma tingathe kuona cimene mbali iri yonse ikucinjiriza.

A mbali ya Augustine ndi Calvin akucinjiriza munthu ku kunyada. Pamenepa ali ndi mfundo. Ali yense amene anayesapo kusiya kacasu kapena fodya adziwa kuti kufuna ndi kutha si cinthu cimodzi. Munthu amalumbira m'mawa, madzulo ali pomwe paja. Pelagius anapeputsa nkhondo ya mumtima. Ndipo ciphunzitso cake ncolemera kwa wofooka, pakuti cimamuuza kuti kugwa kwake konse ndi ulesi cabe.

A mbali ya Arminius ndi Molina akucinjiriza dzina la Mulungu, kuti asaoneke ngati mfumu yokondera. Ife mtima wathu umapendekera kuno. Kwathu, mfumu imene yagamula mlandu oimbidwa mlandu asanabadwe sitingaiche yacilungamo. Kuitana anthu onse kuphwando, cikhalireco mphasa wayalira owerengeka, kumativuta kumvetsa. Koma tidziwe kuti ufulu uli ndi katundu wake. Walira mvula walira matope. Amene akuti ali ndi mphamvu ya kunena inde kapena iai, asadzanenenso kuti Satana ndiye anamcititsa.

Pali cinthu cimodzi cimene onsewa agwirizana, ndipo ndico cofunika kwa ife. Palibe mmodzi wa iwo amene anati anaona maina a osankhidwa. Augustine sanawaone. Calvin sanawaone. Ndiye munthu amene aloza mnzake nati, "Uyu ngwotayika," akunena cimene sacidziwa. Mnyamata amene wabwera kucokera kundende, mkazi amene anthu amamnena, nkhalamba imene sinalowepo m'chalichi: palibe mbusa kapena wansembe amene ali ndi kalata yonena za mathero ao. Cimodzimodzi munthu amene sagona tulo poopa kuti mwina iye sanasankhidwe. A mbali ya Calvin amamuuza kuti ayang'ane kwa Kristu, asayese kusuzumira m'buku lobisika. A mbali ya Arminius amamuuza kuti khomo liri lotsegula. Onse awiri akumuuza kuti abwere.

Pamene anthu aiwala zimenezi, mau akuti "osankhidwa" amasanduka cida. Msonkhano wa ku Dordrecht unanenanso kuti kapolo wobatizidwa ayenera kukhala ndi ufulu monga Akristu ena. Anthu a ku Holland atakhazikika ku Cape kuyambira 1652, eni akapolo ambiri sanafune kuti akapolo ao abatizidwe, poopa kutaya cuma. Pambuyo pake Amabunu ena anayamba kudziyesa mtundu wosankhidwa, ndipo mpingo wa Dutch Reformed wa azungu unacirikiza tsankho la apartheid limene linakhala lamulo kuyambira 1948. Koma Calvin sanaphunzitse kuti Mulungu amasankha poona khungu. Mu 1982 mipingo ya Reformed ya dziko lonse inasonkhana ku Ottawa, ku Canada, niti apartheid ndi cimo, niimitsa mpingo uja pa umembala. Amene anaweruza coteroyo anali ana a Calvin omwe. Tinenenso mwacilungamo kuti mpingo womwewo wa ku Cape unatumiza anthu amene anatsegula masukulu ambiri a m'midzi, nathandiza kumasulira Baibulo lathunthu m'Cinyanja, limene linatuluka mu 1922.

Tsopano tibwere pa mau aja a tsiku ndi tsiku. Mkangano wa Augustine ndi Pelagius unali wa cipulumutso ca moyo. Sunali wa cimanga, wa matenda kapena wa sukulu. Ndi zoona kuti Calvin anakhulupirira kuti zonse ziri m'manja mwa Mulungu, ngakhale mvula ndi imfa. Koma anaphunzitsanso kuti Mulungu amene anaika malire a moyo wathu anatipatsanso nzeru ndi njira zousamalira, ndipo kuzinyalanyaza ndi kupusa. Iye mwini anatsegula sukulu yaikulu ku Geneva mu 1559. Cotero bambo amene mwana wake akutsegula m'mimba, nakana kupita naye kucipatala ponena kuti ngati zinalembedwa adzacira, asaganize kuti akutsata Calvin. Sakutsatanso Papa kapena Wesley.

Agogo athu anasenza azungu pa macila. Anatengedwa kupita ku cibalo, nakakamizidwa kulima thonje pamene nkhokwe zao zinali zopanda kanthu. Atsamunda zinkawakomera kuti munthu wakuda aziganiza kuti anabadwira zimenezo. Pamene dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 ali onse sankadziwa kuwerenga. Zimenezo zinalembedwadi, koma zinalembedwa m'maofesi a ku Lisboa ndi a ku Lourenço Marques, ndi anthu amene anali ndi maina ndi malipiro. Mu 1978 kampeni yoyamba yophunzitsa akulu kuwerenga inayamba m'dziko lonse, ndipo amai a imvi anagwira pensulo koyamba. Lero wina akamati, "Ine mutu wanga sunalengedwere zolemba," timamfunsa kuti anamuuza ndani.

Kale ambiri a ife tinkangomva nkhanizi pakamwa pa ena. Mlaliki ankawerenga ndime imene waikonda, natseka buku. Amene wafika pa tsamba lino angathe kudziwerengera yekha. Bwerekani Baibulo kwa mnansi ngati mulibe. Kalata ya kwa Aroma iri pambuyo pa Macitidwe a Atumwi. Mutu 9, umene ukamba za Yakobo, Esau ndi woumba mbiya, uli ndi ndime 33. Musalekere pamenepo. Mutu 10 uli ndi ndime 21, ndipo ukamba za ali yense amene aitana pa dzina la Ambuye. Werengani mitu iwiriyo mokweza, pang'onopang'ono, ndipo mau amene akuvutani muwalembe m'kope, mubwere nao pa phunziro lotsatira.